Kodi Kuonetsa Cokoma Cokha Ndi Bodza?

Pali mlandu wina umene makolo athu sanaudziwa, koma masiku ano walowa m'midzi yathu ya kuno ku Neno, ndipo ulikusautsa mitima ya ana ndi ya akuru omwe. Ndiwo mlandu wa mwana amene analemba mayeso a Fomu 4 kawiri, nakhala nazo zikalata ziwiri m'manja mwace, ndipo afunsa kuti, Kodi ndikaonetse citi kwa eni ace a koleji? Kale ndinayesa kuti mlandu uwu ngwapafupi, wakuti munthu auweruze ali ciriri. Koma tsiku limene unafika pa khonde langa ndinaona kuti uli ndi mizu yaitali, ndipo ndinagona nao masiku atatu ndisanaturutse mau.

Ndiyambe ndafotokoza mawerengedwe a mayesowo, cifukwa ca inu akuru amene simunawalemba, pakuti ali ozondoka. M'munda tikondwera ndi matumba ocuruka, koma pa mayeso a MSCE wa nambala yocepa ndiye wapambana. Bungwe la MANEB, limene likhala ku Zomba, ndipo liyesa ana a dziko lino kuyambira caka ca 1987, lipatsa mwana nambala pa phunziro liri lonse, kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndizo za wopambana ndithu. 3 kufikira 6 azicha kirediti. 7 ndi 8 ndiko kungooloka mtsinje madzi ali m'khosi. 9 ndiko kugwa. Tsono atenga maphunziro 6 amene mwana anacita bwino koposa, naphatikiza manambala ace. Ndiwo mapointi amene mumamva ana alikuchula. Wopata mapointi 6 palibe womposa. Ndipo wofuna malo ku mayunivesite a boma ayenera kukhala ndi makirediti 6, ndi Cingerezi comwe m'kati mwace.

Mwana wa mlongo wanga, wa ku mapiri a kwa Dambe, analemba mayesowo m'caka ca 2022. Anapata 2 pa Cicewa, 3 pa Masamu, 3 pa Zaulimi, 4 pa Bayoloje, 5 pa Jogalafe, koma pa Cingerezi 7. Onse pamodzi mapointi 24. Panalinso phunziro lina, la Fizikisi, limene anagwa nalo ndi 9, pakuti pa sukulu pao panalibe zipangizo, ndipo mphunzitsi wa phunzirolo anacoka caka ciri pakati. Cingerezi cija cinamtsekera khomo. Atate wace anagulitsa mbatatesi za munda wonse ndi mbuzi ziwiri, namtumiza kukabwereza. Ndipo m'caka ca 2023 anapata 4 pa Cingerezi, 2 pa Cicewa, 3 pa Bayoloje, 3 pa Zaulimi, 4 pa Jogalafe. Koma Masamu anatsika kufikira 6, popeza mtima wace wonse anaupereka ku Cingerezi. Onse pamodzi mapointi 22. Fizikisi sanailembanso.

Taonani tsono. Munthu akatenga Masamu a caka coyamba, nawaika pamodzi ndi maphunziro asanu a caka caciwiri, apata mapointi 19. Comweco mtsikana mmodzi ali nao manambala atatu: 24, 22 ndi 19. Awiri oyambawo anaturuka nao m'cipinda ca mayeso. Yacitatuyo sanaturuka nayo m'cipinda ciri conse, ngakhale mulibe kanthu m'menemo kamene sanakakhetsera thukuta. Anadza kwa ine pamodzi ndi atate wace, amene ali mlamu wanga, atanyamula mafomu a makoleji atatu. Mlamu wanga anati, "Alamu, muuzeni mwanayu alembe 19 ponse ponse. Kodi waba kanthu? Masamu aja si ace kodi?" Ndipo mwanayo anati, "Amalume, mtima wanga ukana, koma sindidziwa cifukwa cace. Mundiuze ngati ndi bodza kapena si bodza."

Ciyambi ca yankho ndinacipeza pa msika. Inu nonse amene munatsikira ku Zalewa nyengo ya manacesi mudziwa kuti pali amalonda a mitundu iwiri. Wina asankha manacesi ace, akuru paokha ndi ang'ono paokha, naika akuruwo kutsogolo kwa mphasa kuti wopita pa mseu awaone. Ndipo palibe amtsutsa, pakuti wogula aona cimene agula. Wina atenga ndowa, naika timanacesi tofota pansi, nabvundikira pamwamba ndi akuru okongola, nati, Ndowa iyi mtengo wace ngwakuti. Ameneyu sananena bodza ndi pakamwa pace. Nacesi liri lonse la pamwamba ndi nacesi leni leni, lokoma monga lioneka. Koma wogula akafika kwao nakhuthula ndowayo adziwa kuti ananyengedwa, ndipo ife tonse tibvomerezana naye. Amalonda onse awiri anaonetsa cokoma. Woyambayo anacionetsa monga cosankhika, ndipo wogula anadziwa. Waciwiriyo anaciika kuti ciimire ndowa yonse. Pamenepo ndipo pagona bodza.

Unateronso mlandu wa Hananiya ndi mkazi wace Safira, umene ana athu auphunzira ali ang'ono, ndipo ambiri aumva mokhota. Ayesa kuti awiriwo anatsutsidwa cifukwa anasunga gawo la ndarama za munda wao. Iai. Mundawo unali wao, ndi ndarama zomwe zinali zao, ndipo Petro mwini anamkumbutsa Hananiya zimenezo. Akadadza ndi gawo, nanena kuti ndi gawo, sakadakhala ndi mlandu. Kulakwa kwao kunali kupereka gawo ndi nkhope ya munthu wopereka zonse.

Potero sindibvomerezana naye mkuru wina wa m'mudzi mwathu, munthu woongoka ndithu, amene atamva za mlanduwu anati mwanayo alembe zonse pa fomu iri yonse, ndi 9 wa Fizikisi yemwe, angakhale sanafunsidwa, kuti adzicepetse. Uku si kudzicepetsa, koma kusamva funso. Osankhawo ndiwo anaika lamulo lakuti awerenge maphunziro 6. Anadziwa bwino lomwe kuti mwana alemba 7 kapena 8, ndi kuti ena a iwo adzagwa nao. Ndipo anati, Tipatseni 6 okoma. Wopereka 6 pamenepo sanabisa kanthu, pakuti wolandira adziwa kuti alandira osankhika. Munthu alibe mangawa a kuonetsa mlendo ali yense zipsera zonse za m'thupi mwace. Nkhoswe ikanka kukafunsira mbeta iyamika mnyamata wace kuti ngwolima, ngwosaledzera, ndipo siyamba ndi kusimba kuti ali mwana anaba nzimbe. Koma akucikazi akaifunsa kuti, Kodi mnyamatayu sanakwatirepo kwina? pamenepo nkhoswe yokhala cete, kapena yotembenuza nkhani, yanama, lingakhale lilime lace silinagwedezeka.

Cifukwa cace ndinati kwa mwanayo, "Tiye tiwerenge mafomuwa, timve cimene afunsa." Pakuti makoleji a m'dziko muno safanana malamulo ao. Ena alola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri, ena afuna za ulendo umodzi wokha. Ndipo lamulolo alilemba m'cilengezo ca caka cimeneco, ndipo likhoza kusintha, kotero kuti munthu asatsamire pa zimene anamva kwa mnzace wa caka catha. Fomu yoyamba inanena poyera kuti alola maulendo awiri, ndipo inali ndi mipata ya zaka ziwiri. Pamenepo panalibe mlandu: alembe 2022 ndi 2023, phunziro liri lonse pansi pa caka cace, ndipo 19 aturuke poyera, eni ace alikuona kumene wacokera. Fomu yaciwiri inati ulendo umodzi wokha. Pamenepo panalibenso mlandu, ngakhale mlamu wanga anausa moyo: alembe 22, Masamu ali pa 6. Ndipo zindikirani cinthu ici, kuti mwana mmodzi yemweyo alemba 19 kuno ndi 22 uko, tsiku limodzi ndi colembera cimodzi, ndipo konse kuwiri wanena zoona. Pakuti yankho liyesedwa ndi funso limene liyankha.

Koma fomu yacitatu ndiyo inandisowetsa tulo. Iyo sinanena za maulendo konse. Inali ndi mpata umodzi wa caka, ndi mizere ya maphunziro, ndi mpata wa mapointi, kwatha. Mlamu wanga anakondwa, nati, "Apa sanaletsa, ndipo cosaletsedwa ncololedwa. Alembe 2023 pamwamba, ndi Masamu 3 pansi pace. Akadzafuna zikalata tidzawapatsa. Akapanda kufuna, ndi mwai wathu."

Ndinalingalira za munthu amene adzawerenga fomuyo. Ali pa tebulo ndi mulu wa mafomu, ndipo sadziwa mwana ndi mmodzi yense wa eni ace. Aona caka ca 2023, naona Masamu 3, ndipo m'mtima mwace aumba cithunzi cakuti, Mtsikana uyu m'caka cimeneco anakhoza Cingerezi ndi Masamu pamodzi. Cithunzi cimeneco ncabodza, ndipo dothi loumbira tampatsa ndife, podziwa cimene adzaumba. Kuti iye anaiwala kufunsa sikutimasula ife. Wogula ndowa ku Zalewa nayenso sanafunsa za pansi. Mnzako akasiya citseko cosatseka sunena kuti wakuitana ulowe. Ndipo usiku wacitatu ndinapeza muyeso umodzi, umene ndiyesa ukwanira milandu yonse yotere, ndiwo uwu: kodi ukadakhala ndi mtendere, wowerengayo akadakhala pambali pako alikupenya dzanja lako polemba, zikalata zonse ziwiri ziri cotambasuka pa mphasa? Pa fomu yoyamba, inde. Pa yaciwiri, inde. Koma pa yacitatu, monga anafunira mlamu wanga, ukadakhumba kuti munthuyo ayang'ane kumbali kanthawi. Mtima wa mwana uja unakana cifukwa ca cimeneci, ngakhale sanatha kucichula dzina.

Koma ndisamcepse mlamu wanga, pakuti mau ace anali olemera, ndipo ndiwalemba monga anawanena. Anati, "Alamu, inu mulankhula ngati liwiro ili nlolungama. Mwana wa ku Blantyre awerenga pansi pa magetsi ocokera ku Nkula ndi ku Tedzani, pa mtsinje wathu womwe uno wa Shire, pamene wanga awerenga ndi koloboyi. Uyo ali ndi aphunzitsi apadera a madzulo, ndi atate odziwa mafomu ndi makhotakhota ace onse. Wanga ayenda mtunda kunka ku sukulu yopanda zipangizo, nabwera kudzatunga madzi. Tsono inu mumsenzetsa katundu wa cilungamo pamwamba pa katundu wa umphawi. Mapointi atatu awa akhoza kukhala malire a pakati pa koleji ndi khasu."

Sindinatha kumtsutsa pa zambiri za izo. Nzoona kuti malo ngocepa ndipo owafuna ngambiri. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1965 iri yokha. Pofika caka ca 2021 mayunivesite a boma anakwana 6, ndiwo ya ku Zomba, ya ku Mzuzu, ya zaulimi ya ku Bunda, ya MUST ku Thyolo, ndi awiri a ku Blantyre, MUBAS ndi KUHeS. Ndipo bungwe la NCHE ndilo litsogolera kusankhako. Ngakhale atero kucuruka, caka ndi caka ana ambiri okhala ndi makirediti okwanira atsala kunja. Nzoonanso kuti cithetsedwere njira ya kota m'caka ca 2020, imene inagawa malo monga mwa maboma, pointi imodzi ilemera koposa kale kwa mwana wa boma laling'ono ngati lathu lino. Munthu wakunena kuti mapointi atatu ali cabe, ameneyo sanagulitsepo mbuzi cifukwa ca mayeso.

Koma ndinamfunsa funso limodzi: "Alamu, mwanayu akalowa ndi 19 wosokerera, aturuka ndani?" Pakuti malo ali owerengeka, ndipo polowa mmodzi aturuka mmodzi. Woturukayo si mwana wa mwini cuma wa mapointi 8. Iyeyo ali kutsogolo kutali, sitimfika. Aturuka wa kumapeto kwa mzere, wa 20 kapena 21, amene anawapata pa ulendo umodzi nalemba zoona. Ndipo ameneyo akhoza kukhala mwana wa mphawi mnzathu, wa ku Lisungwi kapena wa kwa Mlauli, amene atate wace analibe ndi mbuzi yomwe yakuti agulitse kuti mwana abwereze. Sitimdziwa dzina, sitidzaona nkhope yace, ndipo cifukwa cace kumlakwira kuli kwapafupi. Akadakhala nafe pa khonde pomwepo, fomu yace iri m'manja, sitikadalimba mtima. Kusalungama kumene mlamu wanga anadandaula nako kulipo ndithu. Koma njira yace siikucotsa, ingokusuntha kucoka pa mutu wa mwana wace kunka pa mutu wa mwana wina wosauka koposa. Mlamu wanga anakhala cete nthawi, ndipo pambuyo pace anati, "Ameneyo ali ndi amalume ace, amuonere." Sindinamyankha, pakuti ndinaona kuti mau aja anamlasa.

Pali cinanso cimene bodza laling'ono liononga, ndico cikhulupiriro ca anthu pa zikalata. Cikalata ca mayeso ndi pepala cabe. Mphamvu yace yonse iri m'kuti wociwerenga acikhulupirira. Mukumbukira mwezi wa November m'caka ca 2020, pamene mapepala a MSCE anabedwa nafalikira mayeso ali m'kati, ndipo boma linafafaniza mayesowo, ana a dziko lonse nalembanso m'mwezi wa January 2021. Olakwa anali ena, koma olipira anali onse, ndi iwo omwe amene sanaona pepala lobedwa ndi limodzi lonse. Tsono zikalata zikaleka kukhulupirika asauka ndani? Mwana wa munthu wochuka ali nao omnenera m'maofesi. Wa kumudzi alibe mboni ina koma pepala lomwelo. Za kugwidwa sindinena zambiri: mabuku a ku Zomba asunga nambala iri yonse ndi caka cace, ndipo mlandu suola. Koma mwana woleka bodza cifukwa ca kuopa mabuku adzanama tsiku limene kulibe mabuku, ndipo sindinafuna kummangira nyumba pa maziko amenewo.

Ndipo tisaloze ana okha cala, pakuti nzeru iyi aiphunzira kwa ife. Zotsatira zikaturuka, sukulu zina zolipira zilengeza ana awiri kapena atatu a mapointi ocepa, osachula anzao amene anagwa. Ndipo kholo lomva cilengezoco liyesa kuti lamva za sukulu yonse, nilinka kukagulitsa cimanga. Ndi ine ndemwe, polembera akuru anga za nchito yanga, ndachulapo tsiku limene anthu anadzaza nyumba, ndi kukhala cete za masabata a mvula pamene ndinali ndi okalamba anai okha. Ndinacita manyazi pokumbukira cimeneci mwana uja ali pamaso panga.

Tsono ndinene za mbali ina, imene sindinaiyembekeza. Pokamba naye mwanayo, atate wace ataturuka, ndinazindikira kuti cimene iye anafuna kubisa kweni kweni si Masamu 6, koma caka conse ca 2022. Anacita manyazi kuti anabwereza. Anati, "Amalume, akaona kuti ndinalemba kawiri adzati ndine mbuli." Pamenepo ndinakumbukira nkhani ya ku America. Kumeneko ana ofuna koleji alemba mayeso ochedwa SAT, amene mapointi ace afika 1600, ndipo kumeneko wocuruka ndiye wapambana. Mwana akhoza kulemba maulendo angapo, ndipo kuyambira caka ca 2009 eni mayesowo amlola kusankha ulendo umene afuna kutumiza. Makoleji ambiri atenganso gawo lokoma la ulendo uwu ndi la ulendo uwo, nawaphatikiza okha, monga fomu yathu yoyamba ija. M'caka ca 2020, nthenda ya Covid itatseka zipinda za mayeso, makoleji ambiri anati, Wofuna atumize zotsatira zace, wosafuna aleke. Anthu ambiri anayesa kuti ici cidzathandiza osauka. Koma koleji ya MIT inabwerera ku lamulo lakale m'caka ca 2022, ndi ya Dartmouth m'caka ca 2024. Ndipo a ku Dartmouth ananena cifukwa cao. Aphunzitsi ao atasanthula, anapeza kuti ana ambiri a m'mabanja osauka anabisa zotsatira zimene zikadawathandiza. Mwana wa pa sukulu yosowa anapenya nambala yace, nailinganiza ndi ya ana a eni cuma, nacita manyazi, naleka kuitumiza. Osadziwa kuti osankhawo akadaiwerenga pamodzi ndi sukulu imene anacokera, ndipo ikadawaonetsa mwana wamphamvu amene anakwera phiri ndi katundu pamutu.

Ndinamsimbira mwanayo nkhani iyi, ndipo ndinati, "Mwanawe, sindikulonjeza kuti osankha a kuno adzawerenga monga a kumeneko, kapena adzapenya nambala yokha. Koma usayese kuti caka ca 2022 ndi cipsera. Munthu wanzeru akaika zikalata zako ziwiri pamodzi aona mtsikana amene anakweza Cingerezi kucokera pa 7 kufikira 4 m'caka cimodzi, ali ku mapiri kumene Cingerezi sacimva pa mseu. Cikalata cimodzi sicinena zimenezo. Zinenedwa ndi ziwiri pamodzi." Ife tiyesa kuti tidziwa cokoma cathu ndi coipa cathu, ndipo tisankha cobisa monga atiuza manyazi, koma manyazi sadziwa kusankha, ndipo kawiri kawiri ataya mbeu pamodzi ndi mankhusu.

Cinatsala cimodzi, ndico Masamu aja. Mlamu wanga anati 3 ndi wace wa mwanayo. Inde ndi wace. Koma 6 ndi wacenso, ndipo ndiye watsopano. Mwanayu afuna nchito ya unamwino. Tsiku lina adzaima pa kama wa mwana wodwala malungo, ndipo adzayenera kuwerengera mankhwala monga mwa kulemera kwa mwanayo. Pamenepo palibe adzamfunsa caka cimene anakhoza Masamu. Coopsa ca munthu wozolowera kuonetsa cokoma cokha ndi cakuti potsiriza acikhulupirira mwini wace. Akalemba 19 ponse ponse, osachula kumene wacokera, adzaiwala kuti Masamu ace anazilala, ndipo sadzawakolezanso. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mwini mkuyu ndiye atsiriza kudziwa, ngati saung'amba. Ndinamuuza kuti 6 uja asamuyese mdani, pakuti alikumlozera pamene denga lidontha mvula isanakule. Ndipo ndinampatsa buku langa lakale la Masamu, kuti pa miyezi ya kudikira asangolima cabe.

Pa fomu yacitatu tinatsata mau a makolo akuti safunsa anadya phula. Mwanayo anakwera pa culu ca kuseri kwa nyumba, pamene lamya igwira bwino, naimba kawiri pa nambala inali pa cilengezo, koma sanayankhidwa. Comweco analemba caka ca 2023 ndi maphunziro ace onse 6 monga analiri, Masamu 6, mapointi 22. Anaphatikapo cikalata ca 2022 camphumphu, ndi 7 wace ndi 9 wace yemwe, pakuti cikalata sacing'amba pakati. Ndipo pansi pace analemba mizere iwiri, yakuti analemba mayeso kawiri, ndi kuti ngati malamulo ao alola kuphatikiza, Masamu a ulendo woyamba ali pomwepo. Potero kuweruza kunabwerera kwa eni ace a malo, ndipo ngati 19 adzaturuka, adzaturuka ndi dzanja lao.

Mlamu wanga sanakondwera. Anati ndamtayitsa mwana wace mapointi atatu ndi nzeru za m'mabuku, ndipo kufikira lero sanabweza mau amenewo. Ine sindimkakamiza, pakuti mbuzi zinagulitsidwazo zinali zace, si zanga. Koma m'mawa mwace ndiye anauka tambala woyamba, nakulunga mafomu atatuwo m'pepala la pulasitiki cifukwa ca mvula, naperekeza mwana wace kutsika phiri kunka ku Boma.